Chigamba cha a Nachisale

Kankhirani chikunicho mkati, uvuni ungazime njerwa n'kutuluka zosapsa, eni ake n'kumatinena kuti timangodya zawo. Inu a Yotamu mwandifunsa chifukwa chake munthu wa ng'ombe ngati ine ndilibe galu pakhomo. Ndikudziwa zimene amanena m'mudzimu, kuti Gelesomu ndi woumira, amaopa kugawana mkute ndi galu. Asiyeni azinena. Galu ndinali naye, dzina lake Mwayesa, ndipo nkhani yake siisiyana ndi ya malemu mkazi wanga Nangozo.

Nangozo anali m'gulu la amayi osoka. Analipo khumi ndi anayi, ndipo ankakumana Lachiwiri lililonse m'chigafa chakale cha fodya chija chili kuseri kwa mjigo. Makina anali amodzi okha, opalasa ndi mapazi, enawo ankasoka pamanja uku akudya miseche ya mudzi wonse. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu, madiresi, n'kumatiikira zigamba m'mabuluku ife amuna awo. Koma anali ndi malamulo awo awiri amene ife tinkangowamvera patali.

Mwana wamkazi wa mmodzi wa iwo akabereka, mayi aliyense ankadula kachigamba ku chitenje chake, n'kulumikiza zigamba zonsezo kukhala chofunda cha khandalo. Wopereka chigamba sankangopereka ayi. Ankakhala kuti walonjeza kuti adzapita kukamuona mwini nsaluyo n'kumunyamula m'manja, zivute zitani. Lamulo linalo linali la maliro. Mnzawo akamwalira, nsanda yomukulungira ankasoka okha pamanja, ulusi wosamanga mfundo. Nsalu yoyerayo inkakhala m'bokosi lachitsulo m'chigafamo. Akatha kusoka, singano, ulusi wotsala ndi kachidutswa kalikonse kogwa pansi zinkapita kumanda limodzi ndi mwini wake. Ankati cha wakufa sichigona m'mudzi.

Wodula nsalu m'gululo anali a Nachisale, mayi wamtali ngati mzati wa chigafa, wamanzere, wosalankhulalankhula. Mulungu sanawapatse mwana, ndiye chikondi chawo chonse anachithira pa mwana wathu Ezelina. Ndinene zoona, msana umene unamulera Ezelina ndi wa a Nachisale kuposa wa mayi ake omubereka. Mwayesa anali galu wawo, ndipo pamene iwo aponda iye ankaponda pomwepo.

Ezelina anakwatiwa ku chitengwa, kwa Chimbalu, ulendo wa tsiku lathunthu pangolo. Ana awiri anali atamusiya kale, onse asanamere mano. Atakhala ndi pakati pachitatu, tonse tinkayenda mitima ili m'mwamba, ndipo Nangozo anaonda ngati wodwala ndi iyeyo. Gulu linayamba kusoka chofunda chija mwezi wa Meyi. Zigamba zitakwana khumi ndi zitatu, a Nachisale anagwa pamphasa. Nangozo atapita kukawazonda, anamuuza kuti malo a chigamba chawo asatseke, akadzuka adula okha. Sanadzuke. Tinawaika Loweruka, ndipo Lachitatu lake kunabwera uthenga wakuti Ezelina wachira, mwana wamkazi.

Sizasi ya a Nachisale ndi kiyi wa chigafa amayi aja anapereka kwa Nangozo, poti ndi amene anadula nsanda yawo. Galu anabwera yekha. Tinangomupeza atagona pansi pa nkhokwe yathu, osadya, osauwa, nthiti zikuwerengeka.

Tinadikira kuti mwana atuluke m'chikuta. Dzulo lake la ulendo, dzuwa likadalipo ndithu, ndikuchokera kudambo ndi ng'ombe, ndinadutsa pa chigafa paja n'kumva makina akulira mkati. Sankathamanga ayi, ankangoti gwede, gwede, ngati wopalasayo miyendo yamulemera. Ndinayang'ana pachitseko, loko ali chilendewere, wokhoma. Ndinaima kanthawi, phokosolo linasiya, ndiye ndinati ndi makoswe. Munthu ukafuna kukagona bwino, makoswe umawanamizira zambiri.

M'mawa kutacha Nangozo anatembenuza nyumba yonse kufuna sizasi ija. Ankati anaisiya padenga la kabati itakulungidwa m'kansalu, kansaluko kanalipo koma sizasi panalibe. Ndinamuseka kuti wakalamba. Chofunda cha mwana anachipinda mofulumira n'kuchimanga m'chitenje. Ndinangoona pakona pake poyera mbee pakati pa zigamba zamaluwamaluwa, koma sindinaganize kanthu. Mwamuna ndi nsalu wapi ndi wapi?

Tinakweza matumba awiri a chimanga oti tikagaitse panjira, nkhuku imodzi yomangidwa miyendo, ndi ndowa yatsopano yosambitsira mwana. Nditangomanga ng'ombe pagoli, Mwayesa anatuluka pansi pa nkhokwe paja. Galu amene anatha masabata awiri mutu uli pansi anathamangira kumbuyo kwa ngolo, akulira kamphuno, mchira ukugwedera mpaka chiuno chomwe. Ine ndinakondwera, ndinati wachira. Nangozo anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kukwera kutsogolo pafupi ndi ine, mtolo uja atauphatika pamiyendo.

Galu wa pangolo inu mukumudziwa, amayenda pansi pake pamthunzi. Mwayesa ayi. Ankatsata pambuyo, mutu uli m'mwamba, maso ali pathabwa lakumbuyo pamene munthu amakhala n'kulendeweza miyendo. Ng'ombe nazo zinkakoka ngati ndasenzetsa mchenga, chikhalirecho matumba anali awiri okha ndipo msewu unali wouma gwa. Kunali mwera tsikulo, fumbi lokhalokha, koma kuzizira kwake ine ndinkakumva kumsana, osati kumaso kumene mphepo inkachokera.

Titapitirira pang'ono mlatho wamatabwa, tinakumana ndi bambo wa njinga yamakala. Atatsala pang'ono kutifika anatsika, n'kukokera njinga yake kutchire, n'kuvula chipewa. Ndinamupatsa moni, iye anangoweramitsa mutu. Ndinamugwedeza Nangozo ndi chigongono, ndinati waona, mbiri ya mwamuna wako yafika kutali. Sanaseke. Patsogolo tinapeza amayi pachitsime akuseka chikhakhali, koma titayandikira onse anakhala chete, anatula ndowa n'kunjuta pansi mpaka titadutsa. Ana amene ankasewera mpira wachikulunga mumsewu anautola mpirawo n'kuima pambali manja ali kumbuyo. Apo nthabwala zinandithera. Ndine munthu wamkulu, ndikudziwa chimene anthu amatsikira njinga n'kuvulira zipewa.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pamsika pamene pali chigayo. Mzere unali wautali, ndipo inu mukuwadziwa amayi a pachigayo, ngakhale mbusa salowerera. Koma tsikulo anatipatukira okha, aliyense akuti tiyambe ndife. Nangozo anapita kugolosale kukagula mchere, sopo ndi ulusi umene gulu linamutuma. Ine ndili kumanga matumba a ufa, mayi wina wogulitsa tomato anandiyandikira akupukuta manja pachitenje.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Mukukaika kuti?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti ayang'anire tomato wake, ife tikupita kukaona mdzukulu, kulibe maliro kuno. Mayiyo anayang'ana pangolo, kenako ine, nkhope yake itasintha.

"Ndiye pepani. Komatu amene mwawagoneka kumbuyokowo afunditseni bwino. Mapazi ali pamtunda."

Ndinatembenuka. Pangolo panali ndowa ndi nkhuku basi. Nkhukuyo inali itadzikankhira pakona yakutsogolo, m'khosi mukugunda, ndipo Mwayesa anali ataimika miyendo yakutsogolo pathabwa lija, akunyambita m'malere. Pomwe ndimatembenukanso, mayi uja anali atanyamula dengu lake n'kusamukira tsidya lina la msewu. Nangozo anali atabwerera, ataima kumbuyo kwanga, ndipo mawuwo anawamva. Mchere anauiwala kugolosale komweko, ndipo palibe wa ife amene anabwerera kukautenga.

Tinapitiriza ulendo. Ndinkafuna kumufunsa Nangozo, koma ndinkaopa yankho. Pankangomveka mateyala ndi mpweya wa ng'ombe. Kenako pansi pa phokosolo ndinayamba kumva kena, kumbuyo kwathu, pakati pa matumba. Khwetche. Kanthawi. Khwetche. Aliyense amene anakhalapo ndi mkazi wosoka akulidziwa liwu la sizasi ikamatsegulidwa n'kutsekedwa m'manja mwa munthu amene akungodikira. Sindinacheuke. Sindikuchita manyazi kunena, ndinali ndi mantha oti sindinawamvepo chibadwire.

Dzuwa litapendeka tinafika pachitunda chimene ukaimapo umaona kwa Chimbalu kutsidya kwa dambo, madenga ndi utsi zikuoneka bwinobwino. Pamenepo ngolo inagwedezeka pang'ono, monga imachitira munthu akatsika, ndipo ng'ombe zinapepukidwa mpaka kufuna kuthamanga. Mwayesa anatidutsa. Sanathamange ayi. Ankayenda kutsogolo kwathu m'mbali mwa msewu, pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu wodwala, akuyang'ana m'mwamba kumanzere kwake, mchira ukugwedera. Ankalunjika kumudzi.

Nangozo anandigwira mkono, zala zake zikuzizira, n'kundiuza kuti ndiimitse ngolo. Anaulula zonse mwachangu, osandiyang'ana. Akuti tsiku lodula nsanda ija ankangoganiza za mawu a a Nachisale akuti malo awo asatseke. Zinamupweteka kuti munthu amene anamulera Ezelina asowe m'chofunda cha mwana wake, malo akhale pululu ngati anali mfiti. Ndiye anzake atacheukira kumbali, anadula kachidutswa ngati chikhatho chakumapazi kwa nsandayo n'kukabisa m'duku. Ankaona ngati akuwachitira ulemu. Za lonjezo limene limatsagana ndi chigamba anazikumbukira atamaliza kale kusoka, ndipo anadzilimbitsa mtima kuti lamulo la amoyo silikhudza akufa.

Ndinafuna kumukalipira, koma nthawi yake panalibe. Galu anali atafika kale pamene njira imatsikira kudambo. Munthu wakufa akanyamula khanda la masabata awiri, amalibwezeranso kwa mayi ake? Ezelina anali ataika kale awiri.

Nangozo anatsika n'kugwada pakati pa msewu.

"A Nachisale, taimani," anatero, ndi mawu wamba, ngati akuitana mnzake popita kumunda.

Galu anaima, n'kukhala pansi.

Anamasula mtolo uja n'kuyala chofunda pamiyendo. Poti sizasi panalibe, analuma ulusi ndi mano, akusolola msoko umodziumodzi mpaka chigamba choyeracho chinachoka. Anachiika pafumbi patsogolo pake, n'kupepesa. Anati walakwa ndi iye, anawadulira nsalu yawo n'kuwasiya akuzizidwa, nayi atenge abwerere akapumule. Tinadikira. Mwayesa anacheukira chigambacho, kenako anayang'ananso m'mwamba pambali pake. Nthawi yomweyo mphepo inatembenuka, ndipo kuchokera kutsidya kuja kunamveka kulira kwa khanda, kakang'ono, kakutali. Galu anaimirira n'kuponda phazi limodzi kulowera kudambo, kenako lina.

Ndinaona Nangozo akufunafuna pachofundapo ndi zala, mpaka anapeza chigamba chobiriwira cha timasamba. Chitenje chimenecho ndinamugulira ndine nditagulitsa fodya, ndiye ndinachizindikira. Atachiika pakamwa kuti alume ulusi, ndinadziwa chimene akufuna kuchita. Ndinadumpha pangolo n'kumugwira dzanja.

"Ndisiyeni, abambo ake Ezelina. Ndinawaitana ndine. Munthu wayenda ulendo wonsewu, simungamubweze chimanjamanja."

Ndinamuuza kuti tikafune anthu, tikaitane akuluakulu ampingo, chilichonse. Anangondilozera galu ndi chibwano. Anali atatsika kale mpaka m'bango. Ndinamusiya dzanja. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinamusiya chifukwa anandiposa mphamvu kapena chifukwa nanenso ndinasankha mdzukulu. Yankho ndikulidziwa, ndipo silindigonetsa tulo.

Anachotsa chigamba chake, n'kusolola singano imene inkakhala m'duku mwake nthawi zonse. Analumikiza chobiriwiracho ndi choyera chija, msoko wabwino, wosathamanga, ndipo pomaliza sanamange mfundo. Anaimirira atazinyamula ndi manja awiri monga timaperekera chinthu kwa wamkulu.

"Chigamba changa ndi ichi, ndapereka pansalu yanu. Mwanayo musiyeni akule. Ine ndidzabwera kudzakuonani."

Kunali zii. Ngakhale nkhuku ija sinagwedezeke. Kenako bango linapatuka, Mwayesa anatulukira akubwerera pang'onopang'ono. Anadutsa pafupi ndi ngolo osandiyang'ana, ndipo podutsapo ng'ombe zonse ziwiri zinatembenuzira mitu kumbali. Nangozo anandiuza kuti ndidikire, mlendo amaperekezedwa. Ndinawaona akubwerera njira imene tinadzera, iye mbali ino, galu mbali inayo, pakati pawo pali mpata wokwana munthu, mpaka anakhota kuseri kwa mitengo ya masuku.

Ndinadikira mpaka mthunzi wa ngolo unatalika kufika kutchire. Anabwera yekha, wopanda galu, wopanda zigamba, singano nayonso palibe. Ndinamufunsa kuti anakafika pati, anangoti pokwanira. Anakwera, n'kupinda chofunda chija, ndipo tinawoloka dambo.

Kwa Chimbalu anatilandira ndi nthungululu. Mwana anali wonenepa bwino, tsitsi lambiri. Apongozi ake a Ezelina atatambasula chofundacho anaseka, akuti gulu lonse la amisiri kutumiza nsalu yamabowo awiri, kodi kwanuko kwagwa njenjete? Nangozo anaseka nawo, koma anawapempha kuti mabowowo asawatseke. Ezelina atabwera ndi mwana kuti amuike pamiyendo pa mayi ake, Nangozo anabisa manja m'chitenje. Anati ali ndi chimfine, angampatsire. Tinakhala masiku anayi, ndipo masiku onsewo ankakhala pakhomo n'kumamuyang'ana mwanayo, kumuimbira ali patali, osamukhudza ngakhale chala. Ezelina analira, anaganiza kuti mayi ake akumuopa mwanayo poti enawo anafa. Ndinkamva akusisima kuseri kwa nyumba, ine osatha kumuuza kanthu. Amayi khumi ndi awiri otsalawo anapita m'miyezi yotsatira, awiriawiri, aliyense anakamunyamula monga mwa lamulo.

Titabwerera kuno, adzukulu okumba manda anandiuza kuti anamuona Mwayesa atagona pamtumbira wa a Nachisale, chakumapazi. Anamuthamangitsa, osasuntha. Patapita masiku atatu sanamuonenso, ndipo palibe anatola ngakhale fupa lake.

Nangozo sanadwale. Anamaliza mayunifolomu onse amene anali nawo, anandiikira zigamba m'malaya onse ngakhale osang'ambika, anaphunzitsa mayi wina kadulidwe ka nsalu. Kungoti ankadandaula mapazi, kuti akuzizira, ngakhale mwezi wa Okutobala pamene nthaka imawotcha. Itagwa mvula ya chizimalupsa, m'mawa wa Lachiwiri, ndinamudzutsa kuti achedwa kuchigafa. Sanadzuke.

Amayi aja anatenga kiyi n'kupita kukatsegula bokosi lachitsulo kuti adule nsanda. Posakhalitsa mmodzi anabwera kudzandiitana pasiwa kuti ndikaone ndekha. Nsalu yoyera inali itadulidwa kale, yopindidwa bwino, ndipo pamwamba pake panali sizasi ija. Amene amadziwa anati kadulidweko n'ka munthu wamanzere. Atakamuyeza Nangozo, inamukwana ndendende kuyambira kumutu mpaka kuphimba zala zakumapazi. Sipanatsale kachidutswa ngakhale kamodzi koti munthu n'kubisa m'duku.

Mdzukulu wangayo pano ali sitandade 5, wamtali, wolongolola ngati agogo ake. Amabwera kuno patchuthi chilichonse, ndipo chofunda chija amabwera nacho, poti sagona popanda icho. Mabowo ake akadali pomwepo. Tsiku lina ndikuchiyanika ndinaona kuti m'mphepete mwa bowo limodzi munatsalira kansalu kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo, kamene mano a Nangozo sanakachotse. Ndinatenga lumo kuti ndikadule, poti lonjezo limatsagana ndi chigamba. Ndinakhala nalo m'manja mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndinalephera. N'chokhacho chimene mkazi wanga ali nacho pa mwana amene sanamunyamulepo.

Ndiye mwamva, a Yotamu. Galu amaona, ndipo sabisa. Nditaweta wina, tsiku lina mwanayo ali kuno ndidzamuona akuthamangira kumpanda, akugwedezera mchira pamalo popanda munthu. Ndidzadziwa amene wabwera ndi chimene wadzera, ndipo sindikhulupirira kuti ndingakhale ndi mtima womuuza kuti taimani. Ponyanimo chikuni china, mbali iyi yayamba kuzilala.